Udindo Woyamba wa Akazitape ndi Kunena Zoona: Phunziro Lochokera ku Mbiri ya CIA

Pa 5 Febuluwale 2003, nduna yoona za ubale wa dziko la America ndi maiko ena, a Colin Powell, idayankhula pamaso pa nthambi yoona za chitetezo ya bungwe la United Nations mu mzinda wa New York. Ndunayo idauza dziko lonse lapansi kuti boma la Saddam Hussein ku Iraq lidali ndi zida zoopsa zotha kupha anthu miyandamiyanda nthawi imodzi. Kumbuyo kwa a Powell kudakhala a George Tenet, mkulu wa bungwe la akazitape la Central Intelligence Agency, lomwe ambiri amangolitchula kuti CIA. Kukhala kwawo pamalo amenewo kudali ngati chidindo chotsimikizira kuti zonenedwazo zidali zoona. Patatha mwezi umodzi, pa 5 Malichi, Kadinala Pio Laghi, yemwe adatumidwa ndi Papa Yohane Paulo Wachiwiri, adafika ku White House ndi kalata yopempha Pulezidenti George W. Bush kuti asayambe nkhondo. Nkhondo idayamba pa 20 Malichi. Zida zija sizidapezeke.

Nkhani imeneyi ikutikakamiza kufunsa funso limene akhristu ambiri saliganizira kawirikawiri: kodi bungwe limene dziko limakhazikitsa kuti lizizonda zochitika m'maiko akunja lili ndi udindo wotani, ndipo malire ake ndi ati? Tasankha kuunika mbiri ya CIA chifukwa zambiri zokhudza bungweli zidaululidwa poyera ndi aphungu komanso makomiti ofufuza a dziko lomwelo, mosiyana ndi mabungwe a maiko ena omwe zochita zawo zikadali zokwiririka. Mbiriyi ikuonetsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Pamene bungweli lidauza atsogoleri ake zoona, lidapulumutsa miyoyo. Pamene lidasiya udindo umenewu ndi kuyamba kugwetsa maboma, kuzunza akaidi, kapena kunena zokomera makutu a olamula, anthu osalakwa ndiwo adalipira.

Chiyambi cha bungweli ndi ntchito zake

Pa 7 Disembala 1941 ndege za nkhondo za dziko la Japan zidaphulitsa doko la Pearl Harbor ndi kupha anthu a ku America oposa 2,400. Kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kuti zizindikiro za ngoziyo zidalipo, koma zidamwazikana m'maofesi osiyanasiyana a asilikali ndi a boma, popanda wozisonkhanitsa pamodzi ndi kuzimasulira. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Pulezidenti Harry Truman adasainira lamulo la chitetezo cha dziko pa 26 Julayi 1947, ndipo CIA idayamba ntchito mu Sepitembala chaka chomwecho. Lamulolo lidanena momveka kuti bungweli silidzakhala ndi mphamvu za polisi kapena udindo wa chitetezo cha m'kati mwa dziko. Opanga lamulo adali ataona zomwe apolisi achinsinsi a Hitler adachita, ndipo sadafune kubereka chilombo chotere kwawo.

Ntchito za bungwe lotere tingathe kuzigawa panayi. Yoyamba ndi kusonkhanitsa nkhani za maiko akunja zimene sizingapezeke m'nyuzipepala kapena kudzera mwa akazembe, makamaka pogwiritsa ntchito anthu amene amavomera kupereka zinsinsi za maboma awo kapena za magulu a zigawenga. Yachiwiri ndi kusanthula nkhanizo, kupatula mphekesera ndi umboni, ndi kulembera atsogoleri malipoti onena zimene zikudziwika, zimene zikungoganiziridwa, ndi zimene sizikudziwika konse. Yachitatu ndi kuteteza zinsinsi za dziko lawo kwa akazitape a maiko ena. Yachinayi, yomwe ndi yoopsa kuposa zonse, ndi kuchita ntchito zobisika m'maiko ena molamulidwa ndi mtsogoleri wa dziko, mwa njira yoti dzanja la boma lisaoneke. Ntchito zitatu zoyambazo cholinga chake ndi kudziwa. Yachinayi cholinga chake ndi kusintha zinthu, ndipo pafupifupi manyazi onse aakulu a CIA adachokera ku ntchito imeneyi.

Zimene Mpingo umaphunzitsa

Mpingo sumanena kuti kukhala ndi azondi ndi tchimo pa iko kokha. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2265, amaphunzitsa kuti munthu amene ali ndi udindo pa miyoyo ya ena ali ndi ufulu komanso ntchito yaikulu yowateteza. Mtsogoleri wosafuna kudziwa zimene adani akukonza akulephera udindo umenewu. Pa ndime 2491 Katekisimu amavomerezanso kuti andale, asilikali, madokotala ndi maloya ali ndi zinsinsi za ntchito zimene ayenera kusunga, pokhapokha ngati kuzisunga kungabweretse choipa chachikulu kwambiri chimene sichingapewedwe mwa njira ina koma kuulula zoona. Choncho chinsinsi ndi chololedwa, koma chili ndi malire, ndipo malirewo ndi ubwino wa anthu.

Malembo Oyera nawonso sabisa za ntchitoyi. M'buku la Numeri, mutu 13 ndi 14, Mose adatuma anthu khumi ndi awiri kukazonda dziko la Kanani kwa masiku makumi anayi. Onsewo adaona zinthu zofanana, koma khumi mwa iwo adakokomeza zoopsa pobwerako, ndipo mtundu wonse udataya mtima. Yoswa ndi Kalebe okha ndiwo adaima nji. Zotsatira za lipoti lokhotalo zidali zaka makumi anayi za m'chipululu. Mneneri Ezekiele, pa mutu 33, amafotokoza za mlonda amene amaikidwa kuti aziliza lipenga akaona adani akubwera, ndi kuti magazi a anthu adzafunsidwa kwa iye ngati akhala chete. Mlonda woliza lipenga pomwe kulibe mdani nayenso ali ndi mlandu, chifukwa anthu amathamangira zida pa mawu ake.

Apa pali mfundo imene tiyenera kuigwiritsitsa. Pa ndime 2309 Katekisimu amatchula zofunika kuti dziko liloledwe kudziteteza ndi zida, ndipo chimodzi mwa izo ndi chakuti choipa chimene mdani akuchita chikhale chachikulu, chokhalitsa, ndi chotsimikizika. Nanga ndani amauza mtsogoleri kuti chinthu ndi chotsimikizika? Masiku ano ndi akazitape. Izi zikutanthauza kuti chikumbumtima cha dziko pa nkhani ya nkhondo ndi mtendere chimatsamira pa kukhulupirika kwa anthu ochepa amene nzika sizikuwadziwa ngakhale maina awo. Pakhoma la polowera ku likulu la CIA ku Langley, m'chigawo cha Virginia, padalembedwa vesi la Yohane 8:32, lonena za choonadi ndi ufulu. Ndi pa vesi limenelo pamene bungweli liyenera kuyesedwa.

Pamene ntchito idagwiridwa bwino

Pa 14 Okutobala 1962 ndege yozonda ya mtundu wa U-2 idajambula zithunzi pamwamba pa chilumba cha Cuba. Akatswiri osanthula zithunzi adazindikira kuti dziko la Soviet Union likumanga malo oulutsira mizinga ya nyukiliya, ndipo pa 16 Okutobala Pulezidenti John F. Kennedy adauzidwa. Popeza adadziwa msanga, mizingayo isadakonzeke yonse, Kennedy adapeza masiku angapo oganiza mofatsa. Adakana uphungu wa akuluakulu ena a asilikali woti aphulitse Cuba nthawi yomweyo, nasankha kutchinga njira za panyanja kwinaku akukambirana ndi a Nikita Khrushchev. Pa 25 Okutobala Papa Yohane wa 23 adayankhula pa wailesi ya Vatican kupempha atsogoleri kuti asaleke kukambirana, ndipo pa 28 Okutobala a Khrushchev adalengeza kuti achotsa mizingayo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene chidapatsa atsogoleri mpata wodekha chidali chidziwitso cholondola chimene chidafika pa nthawi yake. Patangotha miyezi yochepa, mu Epulo 1963, Papa yemweyo adalemba kalata yake ya Pacem in Terris, momwe adaika choonadi patsogolo pa mizati inayi ya mtendere, pamodzi ndi chilungamo, chikondi ndi ufulu.

Zitsanzo zoterezi ziliponso m'zaka zaposachedwa. Kumapeto kwa chaka cha 2021 akazitape a America adaona kuti dziko la Russia likukonzekera kulowa ku Ukraine. A William Burns, omwe adali mkulu wa CIA pa nthawiyo, adatumidwa ku Moscow mu Novembala kukachenjeza, ndipo boma la America lidaulula poyera zambiri mwa zomwe lidadziwa. Ambiri adakaikira pokumbukira za Iraq, koma nkhondo idayambadi pa 24 Febuluwale 2022. Mu Malichi 2024 dziko la America lidachenjeza Russia, ngakhale ubale wawo udali woipa, kuti zigawenga zikukonza chiwembu pa malo a zisangalalo ku Moscow. Pa 22 Malichi zigawengazo zidaukira holo ya Crocus City Hall ndi kupha anthu oposa 140. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kuchenjeza ngakhale mdani kuti anthu wamba apulumuke ndi mbali ya udindo umene Mkhristu aliyense angaugwirizane nawo.

Pamene mlonda adasanduka mlenje

Mbiri ina ndi yomvetsa chisoni. Mu Ogasiti 1953 CIA, pamodzi ndi bungwe la akazitape la Britain, idathandiza kugwetsa nduna yaikulu ya Iran, Mohammad Mosaddegh, yemwe adaika chuma cha mafuta m'manja mwa boma la dziko lake. Bungweli lidavomera poyera mbali yake pa nkhaniyi mu 2013, patatha zaka makumi asanu ndi limodzi. Mu 1954 lidagwetsa Pulezidenti Jacobo Árbenz wa ku Guatemala, yemwe adasankhidwa ndi anthu ndipo ankagawira alimi osauka minda. Dzikolo lidalowa mu ulamuliro wa asilikali, kenaka m'nkhondo ya pachiweniweni kuyambira 1960 mpaka 1996. Komiti yofufuza yothandizidwa ndi United Nations idapeza kuti anthu pafupifupi 200,000 adaphedwa kapena kusowa. Mpingo udalawa nawo chikho chimenechi. Episkopi Juan Gerardi, yemwe adatsogolera kafukufuku wa Mpingo pa nkhanzazo, adaphedwa pa 26 Epulo 1998, patangotha masiku awiri atapereka lipoti lake kwa anthu.

Kuno ku Africa dzina losaiwalika ndi la Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya Congo. Komiti ya nyumba ya Senate ya ku America, yotsogoleredwa ndi phungu wotchedwa Frank Church, idaulula mu 1975 kuti CIA idakonza zomupha ndi poizoni mu 1960, ndi kuti poizoniyo adatumizidwa ndithu ku Congo, ngakhale sadagwiritsidwe ntchito. Lumumba adaphedwa ku Katanga pa 17 Januwale 1961 ndi adani ake a m'dzikomo, mothandizidwa ndi anthu a ku Belgium. Mobutu, yemwe adali bwenzi la America, adalanda boma mu 1965 ndi kulamula mpaka 1997. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, ndipo pa nthawi ya mkangano wa America ndi Soviet Union udzuwo udali anthu a ku Congo, Angola ndi maiko ena ambiri. Tisaiwale kuti bungwe la KGB la mbali inayo nalonso lidali ndi milandu yake yochuluka, kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kudalibe aphungu oti alifunse.

Zoululidwa ndi komiti ija zidabala zipatso. Mu Febuluwale 1976 Pulezidenti Gerald Ford adaletsa ogwira ntchito m'boma kupha atsogoleri a ndale a maiko ena. Nyumba ya Senate idakhazikitsa komiti yokhazikika yoyang'anira akazitape mu 1976, ndipo nyumba inayo ya aphungu idachita chimodzimodzi mu 1977. Phunziro lake lidali lakuti bungwe logwira ntchito mumdima liyenera kukhala ndi wina amene ali ndi nyali.

Iraq: pamene umboni udagonjera zofuna za olamula

Tibwerere ku nkhani imene tayamba nayo. Mbali yaikulu ya zimene a Powell adanena zokhudza magalimoto opangiramo zida za tizilombo toyambitsa matenda idachokera kwa munthu mmodzi, nzika ya Iraq yothawira ku Germany, yemwe akazitape adamupatsa dzina lobisa loti Curveball. Akazitape ena a ku Germany ankamukaikira, ndipo mu 2011 munthuyo adavomera yekha kuti adanama. Gulu lofufuza lomwe boma la America lidatuma ku Iraq lidanena mu 2004 kuti silidapeze nkhokwe za zida zija. Komiti ya Senate mu 2004 komanso komiti ina yosankhidwa ndi Pulezidenti Bush mu 2005 zidapeza kuti osanthula nkhani adayamba ndi kukhulupirira kuti zidazo zilipo, kenaka adalandira chilichonse chogwirizana ndi chikhulupirirocho ndi kunyalanyaza chotsutsana nacho. Zokaikitsa zidaperekedwa kwa anthu ngati zotsimikizika.

Papa Yohane Paulo Wachiwiri adalibe ndege zozonda kapena makina omvetsera matelefoni. Komabe pa 13 Januwale 2003 adauza akazembe a maiko kuti nkhondo nthawi zonse ndi kugonja kwa mtundu wa anthu, ndipo mu Febuluwale adatuma Kadinala Roger Etchegaray ku Baghdad. Iye adaona kuti chimene Katekisimu amachitcha kutsimikizika padalibe, ndi kuti njira zina zidali zisadathe. Anthu zikwi mazana ambiri adafa pa nkhondoyo ndi chisokonezo chimene chidatsatira. Akhristu a ku Iraq, omwe Mpingo wawo ndi umodzi mwa yakale kwambiri pa dziko lapansi, adali oposa miliyoni imodzi nkhondo isadayambe, ndipo lero atsala ochepera theka la chiwerengerocho. Arkiepiskopi Paulos Faraj Rahho wa ku Mosul adabedwa ndi zigawenga mu Febuluwale 2008 ndipo thupi lake lidapezeka mu Malichi. Pamene Papa Fransisko adayendera Mosul mu Malichi 2021, adapemphera pakati pa mabwinja a matchalitchi. Umu ndi momwe lipoti lokhota limathera.

Kuzunza ndi kubisala kumbuyo kwa ntchito zachifundo

Zigawenga za al-Qaeda zitapha anthu pafupifupi 3,000 ku America pa 11 Sepitembala 2001, CIA idatsegula ndende zachinsinsi m'maiko angapo. Lipoti la komiti ya Senate lomwe chidule chake chidatuluka pa 9 Disembala 2014 lidanena kuti anthu 119 adasungidwa m'ndendezi, kuti osachepera 39 adazunzidwa pofunsidwa mafunso, ndi kuti osachepera 26 adasungidwa molakwika. Komitiyo idapezanso kuti nkhanzazo sizidali njira yothandiza kupeza nkhani zodalirika, ngakhale akuluakulu ena a bungweli adatsutsa mfundo imeneyi. Kwa Mkatolika mkangano wakuti kuzunza kumathandiza kapena ayi suli pa phata la nkhani. Katekisimu pa ndime 2297 amakana kuzunza munthu pofuna kuti aulule kanthu, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri m'kalata ya Veritatis Splendor ya 1993 adaika kuzunza m'gulu la zinthu zoipa mwa izo zokha, zimene cholinga chabwino sichingaziyeretse. Wachigawenga nayenso adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu.

Palinso vuto la kugwiritsa ntchito zinthu zimene anthu amazikhulupirira. Mu 2011, pofunafuna Osama bin Laden ku Abbottabad m'dziko la Pakistan, CIA idakonza ntchito ya katemera yachinyengo. Nkhaniyi itaululika, zigawenga zidapezerapo chifukwa choukira ogwira ntchito ya katemera wa poliyo, ndipo ambiri adaphedwa. Mu 2014 boma la America lidalonjeza kuti silidzachitanso zotere. Mpingo, womwe uli ndi zipatala, sukulu ndi amishonale m'madera ovuta, uli ndi chifukwa chachikulu chodera nkhawa mchitidwe umenewu. Namwino kapena wansembe akangoganiziridwa kuti ndi kazitape, khomo limene lidatsegulidwa ndi zaka zambiri za utumiki limatsekeka tsiku limodzi.

Zidatikhudza ife tomwe

Wina angaganize kuti izi ndi nkhani za kutali. Mu Juni 2003 anthu asanu ochokera kunja, awiri a ku Turkey ndi ena a ku Saudi Arabia, Kenya ndi Sudan, adamangidwa mu mzinda wa Blantyre powaganizira kuti ankathandiza gulu la al-Qaeda, pa ntchito imene akazitape a dziko lino adagwirira limodzi ndi a ku America. Bwalo lalikulu la milandu lidalamula kuti anthuwo azengedwe mlandu kapena amasulidwe, koma adatulutsidwa m'dziko muno lamulolo lisadatsatidwe. Ku Mangochi kudabuka zipolowe ndipo matchalitchi ena adaonongedwa. Patatha milungu ingapo anthu asanuwo adamasulidwa ku Sudan popanda mlandu uliwonse. Mu 2013 bungwe la Open Society lidatchula Malawi pa mndandanda wa maiko 54 amene adathandiza CIA pa ntchito yosamutsa kapena kusunga anthu mwachinsinsi.

Nkhawa ya zigawenga siidali yopeka, pakuti pa 7 Ogasiti 1998 mabomba adapha anthu oposa 200 ku maofesi a akazembe a America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam, ndipo ambiri mwa ophedwawo adali Aafirika. Kuotcha kapena kuphwanya nyumba zopemphereramo nakonso sikungalungamitsidwe. Koma onani zimene zidatayika: mawu a bwalo la milandu adapondedwa, ndipo ubale wa Akhristu ndi Asilamu, omwe amakwatirana, kulira maliro limodzi ndi kugula pa msika umodzi, udavulazidwa chifukwa cha umboni umene sudaonetsedwe kwa woweruza aliyense. Dziko losauka likamathandizana ndi bungwe lamphamvu la kunja, chiyeso chovomera chilichonse chimakhala chachikulu. Chishango chake chokha ndi malamulo ake.

Miyeso yoyenera

Kuchokera m'mbiri yonseyi tingathe kutolapo miyeso imene nzika ya dziko lililonse ingayesere bungwe la akazitape. Liyenera kukhazikitsidwa ndi lamulo lodziwika, lonena zimene lingachite ndi zimene silingachite. Liyenera kutumikira dziko, osati chipani cholamula kapena munthu mmodzi. Liyenera kuyankha kwa aphungu a mbali zonse, omwe ali ndi mphamvu yoona momwe ndalama zikugwiritsidwira ntchito, ndi kumvera mabwalo a milandu. Liyenera kudziwa kuti kupha, kuzunza ndi kusowetsa anthu ndi zoletsedwa ngakhale atalamula ndi mtsogoleri wa dziko. Koposa zonse liyenera kukhala ndi anthu olimba mtima otha kuuza mtsogoleri kuti umboni ndi wosakwanira, ngakhale akudziwa kuti mawu amenewo sakufunidwa.

Pakati pa ogwira ntchito m'mabungwe amenewa pali abale ndi alongo athu m'chikhulupiriro, amene amasenza zinsinsi zomwe sangauze ngakhale a m'banja mwawo. Ntchito yawo yabwino siidziwika, chifukwa chiwembu chimene chalepheretsedwa sichilembedwa m'nyuzipepala. Ayenera mapemphero athu, kuti akhale ngati Yoswa ndi Kalebe pamene anzawo akukokomeza. Ife otsalafe udindo wathu ndi kufunsa aphungu athu ngati akuyang'aniradi mabungwewa, ndi kusavomera msanga pamene wolamula aliyense, wa kuno kapena wa kunja, atiuza kuti pali umboni wachinsinsi wofuna kuti magazi akhetsedwe.